Chingwe Chimene Chinapulumuka M'manja mwa Ranga-dada

Ranga-dada amasamba ndi kapu ya tiyi. Munthu wa makilo zana limodzi ndi khumi, khosi ngati la njati, koma akafika pampopi amatunga madzi m'kapu, kuthira paphewa ili, kutunganso, kuthira paphewa ilo, maso ali pa ndowa ngati muli njoka. Kumaso amangopukuta ndi kansalu konyowa. Zaka makumi atatu ndawaona akuchita zimenezi ku talimu yathu, nyumba yophunzirira kugwetsana, kuno ku Kolhapur, ndipo zaka zonsezo tinkawaseka.

Dzina lawo lenileni ndi Rangrao Dinde, dada kwathu kuno ndi kunena kuti achimwene. Ine ndine Sarjerao, ndimayendetsa rikisho, kagalimoto ka matayala atatu konyamula anthu, ndipo ndinalowa mu talimu ndili ndi zaka khumi ndi zisanu kudzaphunzira kugwetsana. Ndinawapeza ali kale momwemo. Sanapambanepo mpikisano waukulu uliwonse. Mphamvu anali nazo zosefukira, koma mtima wopweteka munthu analibe. Akamugwira bwino mnzawo ankayamba kumumvera chisoni, mpaka mnzawoyo n'kuwagwetsa. Ndiye anangosanduka wosamalira dothi ndi matupi athu. Dothi lofiira la m'bwalo logwetsaniramo amalitembenuza ndi khasu m'mawa uliwonse, kulisefa, kulithira chikasu, chambiko ndi mafuta mpaka lifewe ngati ufa. Tikamaliza masewero amatitikita minofu mmodzimmodzi ndi mafuta a chitowe. Sanakwatire, amagona pa benchi la pakhomo. Palibe msana mu talimu muja umene manja awo saudziwa, koma wawo sindinaonepo munthu akuukhudza. Ukati uwatikiteko amakukankha.

"Choka apa. Manja ako ngouma ngati chiwongolero cha rikisho yakoyo."

Zinthu ziwiri sizichoka m'chiuno mwawo: kabotolo ka mafuta ndi kathumba ka dothi la m'bwalo lathu. Mafuta kwa iwo ndi mankhwala a chilichonse, chimfine, kuzizidwa, ngakhale kukanidwa ndi mkazi. Dothi ndi la pa ulendo. Tikapita kukagwetsana kumidzi amatipaka pang'ono pachipumi kuti tisaiwale kwathu. Ntchito yake yeniyeni aliyense wogwetsana amaidziwa: thupi la mnzako likamaterera ndi thukuta ndi mafuta, umatapa dothi n'kumuwaza kuti manja agwire.

Za madzi zija tinkaseka ndi pakamwa pokha, chiyambi chake tonse tinkachidziwa. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anapita ndi mkulu wawo kukasambitsa njati zoweta ku mtsinje wa Panchganga. Mkuluyo anavula malaya, n'kuwapatsira kuti agwirire, n'kulowa m'madzi. Sanatulukenso. Amene anamupeza mwanayo atakhala pa makwerero a kumtsinje, malaya ali m'manja, osalira, osayankhula, anali mayi anga, a Housabai, akuchokera kochapa ali ndi pakati panga. Anamubereka kumsana mpaka kwawo. Kuyambira pamenepo Ranga-dada amawatchula Aai, kunena kuti mayi, monga ndimachitira ine, ndipo phazi lawo silinapondenso m'madzi opitirira mu akakolo. Mlatho amawoloka atatsinzina, ali m'rikisho yanga, dzanja lili paphewa panga.

Chaka chimene ndikunenachi mvula inagwa masiku asanu ndi anayi osapuma. Mtsinje unasiya njira yake n'kuyamba kukwera misewu ya kumunsi umodziumodzi. Tsiku lachitatu kunabwera mayi wina wa bungwe lothandiza anthu pa ngozi, Sulbha-tai, kunena kuti achemwali Sulbha, wamfupi, wamagalasi, mawu ngati mluzu wa wapolisi. Bungwe lawo linkagwira ntchito limodzi ndi lina losamalira ziweto. Anavula nsapato, anaima pakhomo la talimu, n'kutiyang'ana mmene tinalili, mathewera okhaokha.

"Minofu yonseyi mukuisungira ukwati wa ndani?" anatero. "Ndili ndi lole yodzaza matumba a mpunga, misana ndiye ndilibe."

Tinapita tonse. Si ife tokha. Anyamata a m'majimu a magalasi aja, amene timawanena kuti minofu yawo ndi ya pa chithunzi, anabwera n'kunyamula matumba bwinobwino, ndikuvomereza ngakhale zikundiwawa. Amayi othamanga m'mawa anasonkhanitsa mabulangete. Okwera njinga ankayenda khomo ndi khomo kutolera ufa ndi mankhwala. Sukulu ina ya kumtunda inasanduka kogona anthu, ndipo bwalo la kuseri kwa talimu yathu linasanduka kogona agalu, amphaka, mbuzi ndi zinkhwe m'makola awo. Sulbha-tai ankati theka la anthu okana kuchoka m'nyumba amakanira ziweto, ndiye ukapulumutsa galu wapulumutsa mwini wake. Kuseri kumeneko mwini bwalo anali Ranga-dada. Ankaphika mpunga mumphika waukulu, kuthiramo chambiko, n'kumagawira agalu ngati alendo a paukwati. Matumba ankanyamula awiriawiri. Chimodzi chokha anamuuza Sulbha-tai pamaso pa anthu: "Tai, nditumeni kulikonse, bola kukhale kouma."

Ine ndinatanganidwa ndi kunyamula makolo a eni ake m'rikisho, ndipo ndinkadzimva kuti ndine munthu. Mayi anga ankakhala okha m'nyumba yakale ya bambo, kumunsi, m'kanjira ka oumba mbiya. Tsiku lachisanu ndinawaimbira foni.

"Aai, a m'kanjira kanu akuchoka lero. Mupite nawo."

"Ndamva."

Ndinadula foni mtima uli m'malo. Ndakhala ndi mayi ameneyu zaka makumi anayi ndi zisanu, ndinayenera kubwera ndekha kudzawanyamula ngati thumba la mpunga.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, cha kum'mawa dzuwa litakwera, ngati linalipo kuseri kwa mitamboyo, ndinapita ku sukulu kuja ndi mikate ya mapira. Ndinati ndiwaoneko mayi. Ndinalowa kalasi yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Oumba mbiya onse ndinawapeza, ndi ana awo ndi mapoto awo. Mayi anga panalibe. Mayi wina woyandikana nawo nyumba anandiyang'ana modabwa.

"Si ali kwanu? Anatiuza kuti mubwera kudzawatenga ndi galu yemwe. Akuti kuno agalu salola."

Galuyo ndi Tipya, wa malemu bambo anga, wokalamba, wa diso limodzi, wonunkha, amene ankagonabe pamphasa ya bambo. Ine ndimadana naye ndipo iye amadana nane. Masiku anayi ndinakhala ndikutuntha agalu a anthu osawadziwa kupita nawo kuseri kwa talimu, osauza mayi wondibereka kuti malo a galu alipo.

Foni yawo inali itazima. Ndinaimbira Sulbha-tai.

"Maboti onse ali kutsidya kwa msewu waukulu," anatero. "Ndipatseni maola awiri. Musalowe m'madzi nokha, Sarjerao. Mwandimva?"

"Ndamva, Tai."

Ndinathamangira ku talimu n'kukamasula chingwe chachikulu chimene timakwera polimbitsa mikono. Ranga-dada anandipeza ndikuchipinda, chipande cha mpunga chili m'manja. Nditawauza, nkhope yawo inatuwa ngati phulusa. Anaika chipande pansi pang'onopang'ono.

"Ndipita nawe."

"Dada, kuli madzi."

"Ndikudziwa. Sindilowa ayi. Ine ndikagwira chingwe ndili pouma. Chinayamba chapulumukapo chingwe m'manja mwanga?"

Chinali chisanapulumukepo. Pa masewero okokana chingwe ankaima okha mbali ina, ife asanu n'kulephera kuwasuntha.

Rikisho tinaisiya pamwamba pa kanjira, pafupi ndi mpopi wa anthu onse umene uli ndi chipilala cha simenti. Kuchokera pamenepo kanjirako kamatsetsereka kulunjika kumtsinje, ndipo madzi anali atafika masitepe ochepa kutsogolo kwathu, ofiirira, onunkha chimbudzi ndi dizilo. Pakati pa ife ndi nyumba panali kanjira kena kochokera m'mbali. Madzi ankatulukira m'menemo ndi liwiro n'kukhotera kumunsi, kudutsa pakhomo pa mayi, atanyamula mbiya za eni ake, nsapato, mbuzi yakufa yotupa mimba. Mayi anali atakhala pa makwerero a panja okwerera padenga, nsalu yawo ya sari itanyowa, galu ali pamiyendo. Makwerero ena anali atamira, otsala anali anayi. Nyumba za m'kanjira kathu ndi za njerwa zomangira dothi. Zikamwa madzi zimangokhala pansi. Yoyang'anizana ndi yathu inali itagwa kale mbali imodzi, bedi likuonekera.

"Aai!" ndinakuwa.

Anakweza mutu. "Mwafika, abwana othandiza anthu? Musanyowetse malaya."

Ndinavula n'kutsala ndi thewera. Thupi lonse linkanjenjemera, kuzizidwa kaya mantha, sindikudziwa. Ranga-dada anaona, ndipo anachita chimene akhala akuchita moyo wawo wonse akaona thupi likunjenjemera. Anatsegula kabotolo.

"Madzi awa ngozizira, akugwira minofu. Bwera kuno."

Anathira mafuta m'manja onse awiri n'kundipaka msana, mapewa, mikono mpaka m'zala. Ine n'kutambasula mikono monga ndimachitira m'mawa uliwonse. Palibe mwa ife awiri amene anaganiza kalikonse, chifukwa kwathu ku talimu munthu sayamba ntchito yolemetsa thupi lili louma. Ndinamanga chingwe m'chiuno. Chipilala cha mpopi chinali pomwepo, masitepe atatu kumbuyo kwawo, koma sitinachiyang'ane n'komwe. Tinali ndi manja a Ranga-dada.

Ndinalowa. M'mawondo, m'chiuno, pachifuwa. Pansi ndinkaponda zinthu zofewa zimene sindinafune kuzidziwa. Nditafika pa mphambano, madzi anandimenya m'mbali ngati mnzanga wolemera kawiri kuposa ine, ndipo mapazi anachoka pansi. Sindinaope kwenikweni. Ndinadikira kuti chingwe chindikoke m'chiuno.

Sichinakoke. Ndinachimva chikubwera nane, chofewa, ngati kulibe munthu mbali inayo.

Ndinamwa madzi. Ndinagwira chitsulo cha windo la nyumba ina, dzanja linaterera ngati ndagwira sopo. Ndinagwira waya, chimodzimodzi. Ndi pamenepo, mutu uli pansi pa madzi, pamene ndinakumbukira mafuta, ndipo mantha anandigwira amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinadziwa kuti ndikufa pamaso pa mayi anga chifukwa cha uchitsiru. Kenako phewa linamenya geti lachitsulo la pakhomo pathu, limene bambo anaika chaka chimene ndinakwatira. Chinachake chinalira m'phewamo. Ndinalowetsa mwendo pakati pa zitsulo n'kutulutsa mutu. Dzanja lamanja linkalendewera ngati si langa.

Nditayang'ana kumtunda ndinaona Ranga-dada ali chafufumimba m'mphepete mwa madzi. Chingwe chonse chinali chitawaterereka m'manja amafuta aja, ndiye kansonga kotsalako anakagwera ndi mimba monga timagonera mnzathu m'bwalo. Madzi ankawanyambita pachibwano. Anadzuka pang'onopang'ono, bondo lili pachingwe, n'kumasula kathumba ka m'chiuno. Anatapa dothi, kufikisa m'manja, kutapanso, kufikisanso. Kenako anagwira chingwe, anabwerera nacho chambuyo, anachizunguliza katatu pa chipilala cha mpopi n'kumanga. Ine ndinamasula mbali yanga m'chiuno n'kuimanga pa geti ndi dzanja lamanzere ndi mano. Zinanditengera nthawi, ndipo dzino limodzi ndinalisiya pomwepo.

Tsopano chingwe chinali chitatambasuka kuchokera pampopi kufika pageti. Makwerero otsala anali atatu. Kuseri kwa nyumba kunamveka njerwa zikugwera m'madzi, imodzi, kenako zingapo pamodzi.

"Dada," ndinaitana, "dzanja langa lachoka m'malo. Sindingawanyamule."

Anaima m'mphepete mwa madzi, mikono ili pansi, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Anayang'ana kumtunda kwa msewu ngati kungatulukire munthu, koma kunalibe aliyense, anthu onse tinawasamutsa tokha.

Mayi ndiwo anayankhula. "Rangya, usabwere. Wandimva? Madzi awa anatenga kale mmodzi kwanu. Ndikafika kumene kuli malemu mayi ako ndikawauza chiyani?"

Ine ndinali chete, ndipo ndinene poyera chifukwa chake. Ndinkafuna abwere. Ndinkadziwa chimene ndikuwapempha, ndinkadziwa kuti angathe kuuma pakati panjira madzi n'kuwatenga, koma ndinkafunabe abwere, chifukwa amene anali pa makwerero anali mayi anga. Mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Anakhuthulira dothi lotsala pamapewa ndi pakhosi, kenako anapaka pang'ono pachipumi. Anagwira chingwe ndi manja onse awiri, anatsinzina, n'kuponda m'madzi. Anayamba kuwerenga mokweza monga timachitira ponyonyomala m'mawa.

"Chimodzi. Ziwiri. Zitatu."

Phazi lililonse nambala yake. Madzi anafika m'mawondo, mawu anayamba kuonda. Anafika m'chiuno. Pa mphambano paja anawamenya pachifuwa, chingwe chinapindika, ndipo anaima.

"Khumi," anatero. "Khumi. Khumi."

Mapazi sankasuntha. Chitseko cha winawake chinadutsa pafupi ndi nthiti zawo. Ndinaona mutu wawo ukuyamba kugwera m'mbuyo, pakamwa pali yasa ngati munthu amene mpweya wamuthera, ndipo ndinati basi, ndawapha. Mu talimu mnzako akatopa pakati pa masewero sumulimbikitsa ndi mawu okoma, umangomupatsa nambala yotsatira.

"Khumi n'chimodzi, Dada," ndinakuwa. "Mukubera. Khumi n'chimodzi."

Dzanja limodzi linasuntha pachingwe. "Khumi n'chimodzi."

"Khumi n'ziwiri."

Tinawerenga choncho mpaka anafika pageti. Anatsegula maso atagunda makwerero ndi bondo. Mano awo ankalira ngati makina osokera. Mayi anawagwira kumaso ndi manja onse awiri.

"Kwerani pakhosi, Aai," anatero Ranga-dada.

"Nanga Tipya?"

"Manja onse awiri ndikuwafuna pachingwe."

"Ndiye tenga Sarja uyu. Ine nditsala."

Pamenepo mutu unandizungulira. "Aai, mukufuna tonse atatu tifere chigalu chonunkhachi?"

Anandiyang'ana osaphethira. "Chigalu chimenechi chakhala nane masiku asanu ndi awiri. Iwe unali kuti?"

Madzi anakwera kwerero lina.

"Ndibweranso kudzamutenga," anatero Ranga-dada.

"Lumbira."

Anakhudza dothi la pachipumi pawo. Kwa ife palibe lumbiro loposa limenelo, ndipo mayi, amene anakwatiwa ndi wogwetsana n'kuberekanso wina, ankadziwa. Anamukhazika galu pa kwerero lapamwamba, anamunong'oneza kanthu kukhutu, n'kukwera. Ranga-dada anawanyamula monga timanyamulira wopambana, mwendo uku mwendo uku, zala za mayi zitamatirira pa dothi la pamapewa. Ine ndinatsatira pambuyo, chigongono chamanzere nditachikoloweka pachingwe, chifukwa zala zanga zinkatererabe. Pa mphambano sindinaone kalikonse koma msana wawo. Ndinabisala kumbuyo kwake ngati kumbuyo kwa khoma, ndipo kumbuyo kwathu galu ankalira.

Titafika pouma anawakhazika mayi pa mpando wa rikisho, anagwada pambali pa tayala n'kusanza. Ine mtima unali utatsika. Mayi anga ali moyo, nkhani yatha.

"Tiyeni tizipita," ndinatero. "Mungayendetse, Dada? Ndikuuzani pokhota."

Mayi sanapemphe kalikonse, ankangoyang'ana kumakwerero kuja. Panali patatsala limodzi, ndipo pakhoma la nyumba panali patatseguka mng'alu woti n'kulowetsamo dzanja. Ranga-dada anapukuta pakamwa, anatenga kathumba kaja n'kukakutumula. Munalibe kanthu. Pathupi pawo madzi anali atatsuka dothi lonse, ndi la pachipumi lomwe.

Ndinawayandikira n'kutsitsa mawu. "Boti likubwera, limutenga. Mwachita kale zoposa. Palibe amene angakunenereni kanthu."

"Aai, ndibwerekeni nsalu ya pamapewayo," anatero ngati ine kulibe.

Apa ndi pamene mayi anga anachita mantha. Tsiku lonse anali asanaonetse. Anaigwira nsaluyo mwamphamvu.

"Rangya, ndakumasula. Musiye. Ndi galu chabe, wakalamba. Ndinangolankhula ndi mkwiyo."

Anawachotsa nsalu m'manja mofatsa. "Inu simunandisiye pa makwerero a kumtsinje paja."

Ulendo wachiwiriwu sanawerenge. Madzi anali atakwera. Pa mphambano anawafika m'khosi. Anapita atakweza chibwano, maso ali kumwamba, dzanja kutsogolo kwa linzake. Mayi anandigwira mkono wabwinowo, zikhadabo zikulowa m'mnofu. Anafika. Tipya, amene amaluma aliyense, anawaluma dzanja. Ranga-dada sanalichotse, anangolisiya m'kamwa mwake mpaka galuyo anatopa n'kulimasula yekha. Anamukulunga m'nsalu, anam'mangirira kumbuyo kwa khosi ngati mwana, n'kutembenuka.

Anali atatsala pang'ono kufika pa mphambano pamene nyumba ya bambo anga inakhala pansi. Sinachite phokoso lalikulu. Khoma linangopendekeka, denga n'kulitsatira, ndipo funde lofiira linathamanga m'kanjira monse n'kuwakwirira. Geti linagwedezeka koma linakhala.

Mutu wawo sunkaonekanso. Pamwamba pa madzi panali mphuno ya galu ndi zibakera ziwiri pachingwe, basi. Ine ndinkayang'ana zibakera zimenezo, zopanda dothi, zimene chingwe chinali chitazipulumuka kale kamodzi tsiku lomwelo, ndipo ndinapemphera kwa milungu yonse imene ndimaidziwa ndi imene ndinaiiwala. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Kenako chibakera chimodzi chinakhwekhwereza kutsogolo osatseguka. Chinzake chinatsatira. Chipumi chinatuluka, kenako pakamwa.

Anatuluka m'madzi akukwawa ndi mawondo, osasiya chingwe, mpaka pa chipilala cha mpopi. Ndinamasula nsalu. Galu anagwa pansi, anadzikutumula, n'kutsimphina kupita kwa mayi osayang'ananso m'mbuyo, wopanda ulemu ngati kale. Ranga-dada anakhala pansi atatsamira chipilala, manja ali pachingwe.

"Dada, siyani. Mwafika."

"Sizikutheka."

Ndinayesa ngati nthabwala. Ndinagwira chala chimodzi kuti ndichiwongole, chinali ngati chitsulo cha geti lija. Zala zonse khumi zinali zitauma mozungulira chingwe, khungu la m'zikhatho litasupuka, magazi akudontha m'zigongono. Ankaziyang'ana ngati za munthu wina.

Sulbha-tai anatipeza tili choncho, akubwera ndi anthu a boti. Anayang'ana phewa langa, anayang'ana pamene panali nyumba, anatsegula pakamwa kuti atikalipire, n'kutsekanso. Mmodzi wa anthu a boti anatulutsa mpeni kuti adule chingwe uku ndi uku, apite nawo kuchipatala chidutswa chili m'manja.

"Dikirani," anatero mayi.

Anatsika m'rikisho, anakhala pansi m'matope, n'kumasula kabotolo ka mafuta m'chiuno mwa Ranga-dada. Anathira m'manja mwawo, anandithiriranso m'dzanja langa lamanzere.

"Choka apa, Sarja," anayamba Ranga-dada, mawu osamveka bwino. "Manja ako…"

"Khala chete, Rangya."

Anakhala chete. Ine ndinatenga dzanja lamanzere, mayi lamanja. Zaka makumi atatu manja amenewa akhala akuyenda pamsana panga, ndipo kanali koyamba kuti ndiwatikite. Anali ozizira ndi olemera. Ndinachita monga amachitira iwo, kuyambira pamkono, kutsika pang'onopang'ono, osakakamiza.

"Yamba ndi chaching'ono," anandiuza mayi osakweza mutu. "Chikamasuka chimenecho zinazo zimatsatira. Tsiku lija ndinayambanso ndi chaching'ono. Malaya a mkulu wake anawagwira chonchi, mpaka kwawo."

Chala chaching'ono chinamasuka. Chinzake chinatsatira, kenako chinzake. Chomaliza chitatseguka chingwe chinagwera m'matope, ndipo Ranga-dada, bambo wa zaka makumi asanu ndi zinayi, analira kulira kumene sanalire ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anagwetsa mutu pamiyendo pa mayi anga, pamene panali patagona kale galu. Tipya anawayang'ana ndi diso lake limodzi lija, n'kusunthira pambali.